Malaya a Mkono Umodzi

3 Febuluwale

Mwana wanga,

Munthu amene anandilakwira ndi a Hedimasitala, aja ankayenda ndi ambulera ngakhale kumwamba kuli mbee. Ndayamba ndi iwowo kuti ndisaiwale chimene ndatengera cholembera. Tsopano moni. Uli bwanji, nanga mkamwini wanga ndi adzukulu? Ine ndilipo. Mawondo ndiwo akudandaula. Makutu ukuwadziwa kale, anatsalira ku makina a ku ntchito, choncho usavutike ndi foni. Ndimangomva ngati munthu akulankhulira m'ndowa.

Lachiwiri a Kalipentala oyandikana nafe anabwera kudzabwereka makwerero. Anandikuwira m'khutu kuti amva pa wailesi zoti bungwe la alakatuli laika ndakatulo zonse zakale pa intaneti, aliyense aziwerenga ali kwawo. Iwo amangocheza, n'kunyamula makwerero n'kumapita. Ine ndinakhala pa khonde mpaka tiyi anazizira.

Pali nkhani imene sindinakuuzepo. Iwe usanabadwe, amayi ako anagona m'chipatala miyezi isanu ndi itatu ndi chifuwa chachikulu. M'chipinda chawo sankatilola kulowa. Ndinkapita Lamulungu, n'kuima panja pa windo. Tsiku limene anawatenga anasiya malaya anga pa makina awo osokera, mkono umodzi atasoka, winawo ayi. Miyezi yonseyo ndinkadya ndikuwayang'ana malayawo. Ndiye ndinalemba ndakatulo. Imodzi yokha, moyo wanga wonse.

Ukudziwa kuti sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinagwira ntchito kosindikizira mabuku, kutola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi, kuzisanja chobwerera m'mbuyo kuti pa pepala zituluke bwino. Mawu a anthu ena ndawanyamula ndi zala izi mpaka zikhadabo zinada osayeranso. Koma anga anali omwewo basi, ndipo ndinkaopa kuti ali ndi zolakwika. A Hedimasitala ankabwera kudzasindikiza mapepala a mayeso. Tsiku lina ndinapukuta m'manja, n'kuwapatsa pepala langa kuti angondikonzera kalembedwe. Anawerenga ataimirira, n'kulipinda, n'kuika m'thumba la jekete. Anati, "Tiona, mnyamata." Ine ndinali ndi ndevu.

Patapita theka la chaka, bungwe lija linabweretsa kabuku kake koyamba kuti tisindikize. Ndakatulo yanga inali momwemo, yolembedwanso ndi dzanja la a Hedimasitala, dzina lawo lili pamwamba. Pepala langa sindinalionenso.

Tsono ndikupempha ichi. Iweyo zinthu zimenezi umazidziwa. Kaone ngati ilipo pa tsamba lawolo. Mutu wake ndi "Malaya a Mkono Umodzi". Imayamba chonchi: Unasiya malaya anga pa makina, mkono umodzi wosoka, wina ayi. Undiuze zonse zimene uone, usandibisire kuti ndine nkhalamba.

Ndalama usatumize, sindikusowa kanthu. Mankhwala a maso ndiwo atha, koma azakhali ako akuti agula.

Ndine bambo wako.


22 Febuluwale

Bambo anga okondedwa,

Moni. Ife tonse tili bwino. Mkamwini wanu akupereka moni, adzukulu anu akuti agogo awajambulirenso njovu ngati ija ya chaka chatha. Nanga mawondowo, mukumayenda m'mawa monga ananenera adokotala, kapena mukumangowayankha kuti inde?

Kalata yanu ndinaiwerengera ku ntchito, nthawi yopuma masana. Bambo, zaka zonsezi? Munthu ndakula mpaka kukhala namwino osadziwa kuti bambo anga ndi mlakatuli.

Tsambalo ndalipeza. Ndi lokongola ndithu, lili ndi zithunzi za alakatuli zikusinthanasinthana pamwamba. Pali kabokosi kofufuzira. Ndinayamba ndalemba dzina lanu, mwina mwake. Kanayankha kuti palibe chimene chapezeka. Ndinalemba mutu wa ndakatulo, palibe. Ndinalemba mzere woyamba, palibenso. Kabokosiko kamadziwa mayina a alakatuli okha. Munthu amene akukumbukira mawu koma waiwala mwini wake, abwerera chimanjamanja. Ndiye ndinalemba dzina la a Hedimasitala. Pomwepo anatulukira, atavala tayi, akumwetulira.

Ndakatulo ilipo. Zilembo zake ndi zing'onozing'ono, zotuwa, moti inuyo simungazione ngakhale ndi galasi lanu lokulitsa lija. Pali batani loti munthu akadina imawerengedwa mokweza, koma mawu ake ndi a makina, ngati olengeza mabasi pa depoti. Ndinazimitsa isanafike pakati. Pansi pa mutu alemba kuti a Hedimasitala anailembera mkazi wawo wokondedwa.

Apa ndiye ndinatentha. Chifukwa nditafika pa mzere wonena za supuni, ndinawaona amayi. Simukumbukira mmene ankatiitanira ku chakudya? Supuni pa kapu, katatu. Ndinkayesa ndi khalidwe lawo chabe. Sindinadziwe kuti zinayambira pa windo la chipatala. Mnzanga wa ku ntchito anandipeza ndikulira, n'kundifunsa ngati kwathu kwagwa zovuta.

Chimene chandidabwitsa ndi mathero ake. Ikutha chonchi:

Lamulungu ndimaima kunja kwa windo,
supuni yako imagogoda galasi katatu,
ine ndimayankha kuti

Basi, palibenso china. M'munsi muli ndemanga za owerenga. Wina, wooneka kuti ndi wophunzira kwambiri, walemba ndime yaitali kuti apa ndi pamene a Hedimasitala anaonetsa ukatswiri, poti chisoni chenicheni chimatha mawu. Mtsikana wina wa sukulu wangofunsa kuti, "Kodi tsambali latseguka lonse, kapena ndi foni yanga?" Palibe wamuyankha, ndipo papita miyezi inayi. Kodi munaimaliza choncho, Bambo?

Ndaisindikiza ndi zilembo zazikulu, ili m'envulopu momwemu pamodzi ndi ndemangazo. Pa tsambapo pali fomu yodandaulira. Mawa ndiwalembera. Dzina la wakuba lichoke, pabwere lanu. Zimenezi musiyireni mwana wanu.

Ndine mwana wanu.


20 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse, poti kukanakhala zovuta ndikanamva. Zovuta sizichedwa pa positi.

Masabata asanu ndi limodzi apita. Lachisanu lililonse ndimapita ku positi ofesi ndi ndodo yanga. Mayi wa pa kauntala wafika poti akandiona pakhomo amangopukusa mutu, ndisavutike kufola. Ndikudziwa uli ndi odwala ako, ana ako, nyumba yako. Mwina unaseka. Mwina unauza mkamwini wanga kuti mdala wayamba kusokonekera, akuti ndi mlakatuli tsopano. Ngati ndi choncho ungonena. A Hedimasitala anandiyesa mnyamata ndili ndi ndevu, sindingadabwe mwana wanga akandiyesa mwana ndili ndi imvi.

Azakhali ako akuti ndikuipitsa nkhope ngati munthu woti wamwa mankhwala owawa. Anabweretsa a maso aja. Sindinawauze kanthu. Akangomva iwo, mawa mseu wonse wamva.

Dzulo ndinavundukula makina osokera. Ndinawapukuta, n'kuthira mafuta pang'ono. Gudumu likuzungulirabe bwinobwino. Kenako ndinawavundikiranso, nanga ndisoka chiyani ine.

Chimene ndikulembera kwenikweni ndi ichi. Ngati sunayang'ane, chabwino. Ngati wayang'ana, ungoyang'ana basi. Anthu a bungwewo usawauze kanthu, usawalembere, usafunse. Ndinakuuza nkhani ija koma sindinaimalize, ndipo mbali yotsalayo si ya a Hedimasitala. Ndinkafuna kudziwa kaye mmene ikuonekera kumeneko, makamaka kumapeto kwake.

Undiyankhe ngakhale mizere iwiri.

Bambo wako.


9 Epulo

Bambo,

Moni. Kalata yanu ya pa 20 Malichi yafika dzulo, ndipo yandipweteka. Ndinakuyankhani pa 22 Febuluwale, envulopu yaikulu yabulauni. Kaya yagona kuti. Ndasindikizanso zonse, zili muno. Ine kukusekani? Ndiye kuti simundidziwa, kapena mumandidziwa koma mwangofuna kundibaya. Mkamwini wanu ndakatuloyo waiwerenga katatu, munthu woti amawerenga za mpira zokha.

Tsopano ndikupepese. Mwati ndisawalembere, koma ndinawalembera kale, mwezi ndi theka wapitawo.

Fomu yawoyo ndi nkhani payokha. Poyamba imafunsa kuti ndiwe ndani, ndipo uyenera kusankha: mlakatuli, mphunzitsi, wophunzira, kapena wofalitsa mabuku. Mwana wa munthu woberedwa palibe. Ndinasankha wophunzira. Kenako kabokosi kolembamo dandaulo kamangolola mawu ochepa, moti nkhani yanu inathera pa ambulera. Ndinatumiza katatu, zigawozigawo. Katatu konse inabwera imelo yofanana, yothokoza chifukwa chokonda ndakatulo.

Ndinali nditataya mtima pamene munthu weniweni anayankha. Ndi mayi wina amene amayang'anira tsambalo mongodzipereka, akaweruka ku ntchito yake. Akuti ndakatulo zakalezo anazitaipa yekha kuchokera m'timabuku tong'ambika, zaka ziwiri zathunthu. Si munthu woipa, Bambo. Anapepesa za fomu, akuti amene anaikonza anachoka ndipo palibe akudziwa kuisintha. Koma akuti dzina la mlakatuli sangalichotse pongomva mawu a munthu mmodzi. Pakufunika umboni: pepala loyambirira, kalata, chilichonse cholembedwa nthawi imeneyo.

Anandiuzanso kuti a Hedimasitala ali moyo. Akukhala kwa mwana wawo wamwamuna. Akuti mutu unapita, sazindikira ngakhale adzukulu awo.

Ine sindikubwerera m'mbuyo. Mkamwini wanu ali ndi mnzake loya, akuti nkhani zotere zimatheka. Ndinalembanso ndemanga pansi pa ndakatuloyo kuti mwini wake weniweni ali moyo, koma sinaoneke, akuti ikudikira kuvomerezedwa.

Mwati nkhani simunaimalize. Imalizeni, Bambo, ine si mwana. Ndipo fufuzani m'sutikesi ya pansi pa bedi ija, imene munkatiletsa kutsegula. Mulibe kapepala kalikonse?

Mwana wanu.


6 Meyi

Mwana wanga,

Moni kwa nonse. Makalata ako onse awiri afika tsiku limodzi. Yabulauni ija ili ndi chidindo cha dziko lina kumene iwe sunapiteko, yayenda kuposa ine. Mayi wa pa kauntala anachita kutuluka panja kudzandipatsa. Mawu oipa aja ndawabweza. Ndinalemba ndi mtima wa munthu wodikira.

Ndawerenga ndakatuloyo pa khonde, ndi zilembo zako zazikuluzo. Sanasinthe kanthu. Ngakhale kalembedwe kamene ndinawapempha kuti akonze, anakonza malo awiri okha. Bambo wa ndemanga yaitali uja ndamuwerenganso. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Mtsikana wa foni ndiye ali ndi nzeru.

Kapepala kalipo m'sutikesi. Koma loya wako akakaona adzakuuza kuti ukabise, chifukwa ndi kolembedwa ndi dzanja la a Hedimasitala. Tamvera.

Tsiku limene kabuku kaja kanabwera, abwana anandipatsa ine kuti ndisanje. Anali anzawo a a Hedimasitala, ankamwera limodzi tiyi mu ofesi. Amayi ako anali atangotuluka m'chipatala, owonda ngati ulusi wawo womwe, akufunika mazira ndi mkaka. Ndikanatsegula pakamwa, ntchito ikanatha tsiku lomwelo. Ndiye ndinatola zilembo za dzina la munthu uja ndi zala zanga, chimodzichimodzi, n'kuziika pamwamba pa mawu anga. Chilembo choyamba chinandigwa kawiri.

A Hedimasitala anakopera ndakatuloyo pa mapepala atatu. Lachiwiri linathera pa mawu aja akuti "ine ndimayankha kuti". Lachitatu linali ndi mizere inayi yokha. Ndinaliyang'ana, n'kulipinda monga anapindira langa, n'kuika m'thumba la ovolosi. Pa mpata wotsalawo ndinaikapo kaduwa kachitsulo kamene tinkakongoletsera makhadi a ukwati, ndipo ndinakaika chozondoka. Ndinati atenge malaya, koma yankho langa sapita nalo. Sanabwere kudzadandaula. Akanadandaula kwa yani, pamaso pa yani? Kuyambira pamenepo mapepala a mayeso ankatuma munthu wina.

Choncho amene anadula ndakatuloyo ndine. Wosanja zilembo saloledwa kuchotsa ngakhale kadontho pa mawu a kasitomala. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinachita zimenezi kamodzi kokha.

Koma si zimenezi zimandisowetsa mtendere. Patapita chaka anaiwerenga pa wailesi, Loweruka masana. Amayi ako anali pa makina, iwe uli m'mimba. Atatchula dzina la a Hedimasitala ine ndinayang'ana pansi. Makina anaima. Anamvetsera mpaka pamene yadukira, kenako anati, "Koma munthu ameneyu amamukonda mkazi wake." Anafunsanso kuti, "Nanga amayankha kuti chiyani?" Ine ndinati, "Ndingadziwe bwanji ine, kafunseni a Hedimasitala." Ndinatuluka kukawaza nkhuni zimene zinali zowaza kale.

Ndinkati ndidzawauza dzina langa likadzabwerera pamalo pake. Mwamuna angauze bwanji mkazi wake kuti ndinakulembera chinthu, koma ndinalola wina achitenge ndili chiimire, ndipo ndinamuthandiza ndi manja anga? Ndinadikira chaka, kenako zaka. Anapita osadziwa.

Za loya usiye. Tikazenge mlandu munthu wosadziwa dzina la mdzukulu wake? Mayi wa tsambayo ukhoza kumuuza zonsezi, manyazi anga akalamba, salumanso kwambiri. Koma mizere inayi ija ikhala kuno. Ndi yokhayo imene sanandibere.

Chinanso. Mkazi wa a Hedimasitala sanagwirepo singano. Madiresi ake ankasoka ndi amayi ako.

Bambo wako.


30 Meyi

Bambo anga,

Moni. Azakhali andiimbira foni, akuti munagwa pa sitepe ndipo mwawaletsa kundiuza. Akutinso adokotala sanakondwe ndi mtima wanu. Inu m'kalata mumangoti mawondo. Ndapempha tchuthi cha mu Ogasiti, ndikubwera, musatsutse.

Za loya ndasiya. Pepani, ndinathamanga. Ndinkaona ngati mukufuna nkhondo, ndiye ndinanola mikondo musananditume.

Mayi wa tsamba uja ndinamuuza zonse. Tsiku lomwelo anakatsegula kabuku kakale kaja, n'kunditumizira chithunzi. Kaduwa kanu kalipo, Bambo, kozondoka. Akuti potaipa anakaona, koma anakasiya poganiza kuti ndi kokongoletsera chabe. Iyeyo akukukhulupirirani. Koma komiti yawo yati kaduwako kakusonyeza kuti munasanja ndinu, osati kuti munalemba ndinu. Anafunsa mwana wa a Hedimasitala ngati angalole kuti dzina lisinthe. Wakana, akuti tikufuna kuchitira chipongwe munthu woti sangadziyankhire. Tsambalo nalonso akuti linapangidwa moti ndakatulo imodzi imalandira dzina limodzi, awiri sizitheka.

Chimene angathe ndi ichi: akutsegulireni tsamba lanulanu ngati mlakatuli. Akufuna chithunzi chanu, sukulu zimene munaphunzira, mabuku amene munalemba ndi mphoto zimene munalandira. Ndakatuloyo ikhalabe kwa a Hedimasitala. Mawu aang'ono a pansi pa mutu aja, ndi ndakatulo yeniyeniyo, mayiyo akuti akhoza kukonza yekha osadikira komiti, chifukwa kukonza zolakwika ndi ntchito yake. Dzina lokha ndilo lamangidwa.

Pomaliza analemba mawu amene ndikukopera monga alili: "Izi sindikufunsa ngati wa bungwe. Kuyambira tsiku limene ndinaitaipa ndakhala ndikudzifunsa. Kodi bambowo amayankha kuti chiyani?"

Tsopano ndinene zanga, ndipo musakwiye. Mwati amayi anapita osadziwa. Bambo, taganizani. Malaya a mkono umodzi anasiya ndani pa makina? Supuni pa galasi ankagogoda ndani? Mkazi wa a Hedimasitala ankamuyeza okha ndi tepi, ankadziwa kuti sanagonepo m'chipatala. Mukuganiza kuti makina anaimiranji? Amayi sankafunsa wailesi. Ankafunsa inu.

Ndipo supuni ija sanaisiye. Tsiku lililonse, katatu, mpaka chaka chimene anadwala komaliza. Ife ana tinkathamangira chakudya. Inu munkabwera pambuyo, n'kukhala pansi, n'kufunsa ngati muli mchere.

Sindikunena izi kuti ndikupwetekeni. Ndikungoti sanapite osadziwa.

Mwana wanu.


24 Juni

Mwana wanga,

Moni. Azakhali ako ali ndi pakamwa ngati chitseko chopanda loko. Ndinagwa, inde. Ndadzuka. Ogasiti ndamva, ubwere, koma izi sizidikira Ogasiti.

Kalata yako ndinaiwerenga kamodzi n'kuiika pansi pa pilo masiku asanu ndi anayi. Ndinakukwiyira. Kenako ndinakumbukira kuti tsiku la wailesi lija, nditabwerako ku nkhuni, ndinapeza malaya aja ali pa bedi. Anali atawamaliza kalekale, ndinali nditawavala mpaka kolala kutha. Koma tsikulo anawachapa, kuwasita, n'kuwayala pa bedi mkono umodzi ataupinda kumbuyo. Ine ndinangowatenga n'kuika m'kabati. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuwaloza chala a Hedimasitala. Anandibera ndithu, sindikuwachotsera. Koma iwo anaba pepala. Yankho ndinawamana amayi ako ndine.

Lamulungu a Kalipentala ananditengera kumanda pa galimoto yawo ya matabwa. Ndinawauza adikire ku geti. Ndinayankha. Ndachedwa, koma ndinayankha mokweza, poti ine ndemwe sindimva.

Tsamba langalanga sindikulifuna. Alembapo chiyani? Sitandade 4, mabuku palibe, mphoto palibe, chithunzi cha nkhalamba yokwiya. Munthu akalifuna adzayenera kudziwa dzina langa kaye, ndipo akulidziwa ndani? Ndemanga yako yodikira kuvomerezedwa ija uwauze aifufute. Mwana wa a Hedimasitala asunge dzina la bambo ake. Ndinaliika ndekha pamenepo, likhale.

Pepala lachitatu lili m'envulopu muno. Usamale potsegula, lathetheka m'mopinda. Umutumizire mayi uja chithunzi chake. Poti ndi dzanja la a Hedimasitala, komiti singakane. Inki yafufuta, ndiye ndikulemberanso apa:

Singano ili pomwe unaisiya,
ulusi sindinadule.
Ungobwera, ngakhale usasoke,
ndidzavala momwemo.

Aiike pamalo pake. Bambo wa ndemanga yaitali apirire. Mtsikana wa foni uja wina amuyankhe kuti foni yake ili bwino.

Mizere imeneyi ndaisunga zaka makumi anayi, ndipo ndikuipereka pansi pa dzina la munthu wina maso anga ali otsegula. Sindikuipereka ulere. Wanena kuti mawu aang'ono a pansi pa mutu mayiyo akhoza kukonza yekha. Pamene alemba kuti inalembedwera mkazi wa a Hedimasitala, afufute. Alembe dzina la amayi ako, lonse, monga linalili pa khadi la chipatala, ndipo awonjezere kuti anali wosoka. Ukatero usindikize ndi zilembo zazikulu zija, ubwere nazo m'manja, usatumize pa positi. Ndikufuna ndiliwerenge ndi maso angawa asanatseke.

Ndi chokhacho.

Bambo wako.